Nkhuyu Zodya Akulu Zipota Ana

Makolo athu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Anatanthauza kuti mwana akalakwa mlandu ufika pakhomo pa atate ndi amai ake, ndipo mbuzi yolipira icoka m'khola la wamkulu. Masiku ano m'makomboni mwathu mwambi umenewu wagadabuka. Wakudya nkhuyu ndi wamkulu, wopotedwa m'mimba ndi mwana.

Miyezi ingapo yapitayi mmodzi wa ife, amene aphunzitsa katekisimu pa parishi ina, anaperekeza mai wamasiye wa mu Mphakati wao ku polisi. Mwana wa maiyo, mnyamata wa zaka 14 wa m'kalasi la Ulimbitso, anagwidwa usiku ali kuzula mapompi a madzi pa nyumba za anthu. Atafunsidwa sanabise kanthu. Mapompiwo anali kuwagulitsa kwa bambo wina wogula zitsulo zakale, amene anamuuza yekha mtundu wa citsulo cimene afuna ndi mtengo wake pa kilo. Ndalama zimene anali kulandira zinali kuthera pa kantemba kogulitsa tumabotolo twa mowa waukali, ndi pa makina a bonanza m'shabini ya pafupi. Akulu atatu anadya za mwana ameneyu. Koma amene anagona pa simenti ndi mwanayo, ndipo amene anagulitsa mapoto ndi tebulo lake la tomato kuti abweze mapompi a eni ake ndi amake. Wogula zitsulo anati sanadziwe kuti ndi zakuba. Za mowa, anati imeneyo ndi nkhani ya khonsolo. Ku khonsolo anafunsa umboni wa zaka za mwanayo, ndi mboni imene inaona ndalama zilikuperekedwa. Nkhani inathera pomwepo.

Sitinena kuti dziko lino lilibe malamulo olanga munthu wamkulu amene alowetsa mwana m'zoipa. Malamulo alipo, ndipo ndi ambiri. Vuto ndi lakuti analembedwa pa nthawi zosiyana, ndi anthu osiyana, aliyense ndi muyeso wake, ndipo palibe amene anakhala pansi kuwalumikiza. Ali ngati mpanda womangidwa ndi anthu asanu osakambirana: apa msungwi, apa waya, apa mpata woti ng'ombe ipite ndi goli lomwe.

Tiyambe ndi kuyamika pamene pafunika kuyamika. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la ana lochedwa Children's Code Act. Lamuloli linacotsa Juveniles Act ya 1956, imene tinalandira kwa atsamunda, pamodzi ndi malamulo ena akale okhudza kulera mwana wa eni, ana obadwa kunja kwa cikwati ndi kusamalira ana. Pamodzi ndi Penal Code yokonzedwa caka comweco, linakweza msinkhu umene mwana angaimbidwe mlandu kucoka pa zaka 8 kufika pa zaka 12. Linatsegulanso njira yakuti mwana wolakwa aongoledwe kunja kwa khoti, ndende ikhale cinthu cothera. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndiye kuti tinadikira zaka zoposa 30. Nchito imeneyi inali yabwino ndipo sitifuna kuti ibwerere m'mbuyo. Koma inayang'ana kwambiri pa mwana amene wagwidwa. Wamkulu amene anamutuma akali womwazika m'mabuku ena.

Funsani funso lapafupi: kodi mwana ndani? Lamulo lakale la 1956 linati mwana ndi wosafika zaka 16, ndipo wa zaka 16 kufika pansi pa 19 linamupatsa dzina lina. Penal Code, buku lalikulu la milandu limene linayamba mu 1931, pamene linakonzedwa mu 2005 linaika zaka 16 pa milandu ya kugona ndi ana, ndi cilango cosacepera zaka 15 m'ndende. Lamulo la mowa la 2011 liletsa kugulitsa mowa kwa wosafika zaka 18. Lamulo la anchito la 2019 lilola kulemba munthu nchito akafika zaka 15. Citupa ca NRC citengedwa pa zaka 16, kuvota ndi pa 18. Lamulo la cikwati linakonzedwa mu 2023 kuti cikwati ca munthu wosafika zaka 18 cisawerengedwe, ngakhale ca mwambo. Pamwamba pa zonsezi, malamulo aakulu a dziko monga anakonzedwa mu 2016 anati mwana ndi wa zaka 18 kapena kucepera, ndipo wamkulu ndi wa zaka 19 kapena kuposa, mau amene anazunguza ngakhale maloya. Mu 2025 boma linaika tanthauzo la mwana ndi la wamkulu pakati pa zinthu zofuna kukonza mu Bill 7, cizindikiro cakuti nalonso linaona cisokonezoci.

Tidziwa kuti si zonse zingayendere pa msinkhu umodzi. Mnyamata wa zaka 16 angathe kugwira nchito yopepuka ngakhale sanafike pomwa mowa, ndipo palibe colakwika pamenepo. Cimene tikana ndi ici: kuti citetezo ca mwana kwa munthu womuononga cizitha pa msinkhu wina m'buku ili ndi pa msinkhu wina m'buku ilo. Taganizirani mtsikana wa zaka 17 amene analeka sukulu. Lamulo la ana limuwerengera mwana. Lamulo la cikwati liti sangakwatiwe. Lamulo la mowa liti asagulitsidwe mowa. Koma bambo wa zaka 45 amene amutenga pa galimoto Lacisanu lililonse, namuphunzitsa moyo wa usiku, aloza pa zaka 16 za mu Penal Code nati palibe mlandu. Mtsikana yemweyo akadzagwidwa ataba foni ya kasitomala m'nyumba ya alendo, boma lidzamudziwa bwino lomwe.

Owerenga ena angafunse kuti, nanga woweruza sangaone yekha kuti munthu uyu ndi woipa namulanga? Sangathe, ndipo ndi bwino kuti sangathe. Malamulo aakulu a dziko anena kuti munthu sangapezedwe wolakwa pokhapo mlanduwo ndi cilango cake zinalembedwa m'lamulo. Ndiponso pamene mau a lamulo la milandu ali okaikitsa, makhoti apatsa mwai woimbidwa mlandu. Zimenezi zitchinjiriza ife tonse kwa olamulira ankhanza. Koma zitanthauzanso kuti mpata uliwonse umene aphungu asiya m'lamulo ndi mphatso kwa munthu amene ali ndi ndalama za loya. Mai wa tomato alibe loya. Wogula zitsulo ali naye.

Onjezani pamenepo nkhani ya kudziwa. Wolandira katundu wakuba alangidwa ngati anadziwa kapena anali ndi cifukwa cokhulupirira kuti ndi wakuba. Wogulitsa mowa nayenso athawira ku mau akuti sindinadziwe zaka zake, anaoneka wamkulu. M'dziko limene ana ambiri alibe cikalata ca kubadwa, bodza limeneli ndi losavuta kunena. Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka 5, ana 14 cabe ndiwo analembetsedwa kubadwa kwao. Kambiri ku parishi timalandira makolo ofuna kalata ya ubatizo kuti akasonyeze zaka za mwana ku polisi kapena ku khoti, pakuti ndiyo pepala yokha imene banja lili nayo. Koma tinene zoona. Munthu amene alandira mapompi asanu ndi limodzi, ena akali ndi madzi, kwa mwana wovala kabudula wa sukulu m'bandakuca, safunika cikalata kuti adziwe cimene agula.

Mpata wina uli pa maofesi. Mowa uli m'manja mwa khonsolo, imene ipereka ziphaso. Camba ndi mankhwala ozunguza bongo zili kwa a DEC. Mwana wogwiritsidwa nchito ali kwa a ofesi ya anchito. Umbava uli kwa apolisi, ndipo mwana mwiniyo ali kwa a Social Welfare. Koma moyo wa mwana mmodzi sugawika motero. Mwana amene anunkhiza sitika pansi pa mlatho mu Lusaka ndi yemweyo atumidwa kukagula camba ku Chibolya, ndi yemweyo athyola magalasi a galimoto usiku, ndipo kambiri wopindula pa zonsezi ndi munthu mmodzi. Palibe ofesi imene ipenya munthu ameneyo yense wathunthu. Aliyense aona mwendo kapena mcira wake cabe.

Tikumbukira caka ca 2012, pamene nduna ya maboma aang'ono pa nthawiyo, Professor Nkandu Luo, inaletsa tujilijili. Tinaomba m'manja, pakuti ana a sukulu anali kubisa tumapaketi m'masokosi ndi kumwera m'kalasi. Koma lamulo lija linalimbana ndi paketi. Mowa womwewo unabwerera m'tumabotolo, pa mtengo umene mwana angaupeze, ndipo dzanja limene lipereka kwa mwana ndi lomwe lija. Mu 2018 dziko linadzidzimuka ndi magulu a acinyamata a ku Kitwe monga Tokota Boys, ndipo zaka zotsatira Lusaka inayamba kulira ndi amene achedwa majanki. Nthawi zonse mankhwala athu ndi amodzi: galimoto ya apolisi ilowa m'komboni, itola anyamata, anthu asangalala sabata imodzi. Ndi kangati mwaona galimoto imeneyo itaima pa khomo la wogula mafoni akuba?

Pali cinthu cina cimene tiopa. Popeza tsopano mwana wosafika zaka 12 sangaimbidwe mlandu, mbala zocenjera zidzafuna ana a msinkhu umenewo. Wamng'ono alowa pa windo mosavuta, ndipo akagwidwa abwezedwa kunyumba. Ansembe amene anatiphunzitsa Cilatini ku seminare yaing'ono akanati mwana wotere ndi doli incapax, ndiye kuti nzeru zake sizinakhwime kufika posenza mlandu. Ici ndi coona, ndipo yankho si kutsitsanso msinkhuwo monga ena ayamba kunong'ona. Yankho ndi lakuti pamene mwana sasenza mlandu, katundu yense agwere amene anamutuma. Penal Code inena kale kuti wolangiza kapena wotuma mnzake kucita mlandu aweruzidwa monga wocita mwini. Mau amenewa analembedwa poganizira akulu awiri ogwirizana. Sanena kuti kutuma mwana ndi koipa kuposa kutuma wamkulu mnzako, pamene aliyense wa ife adziwa kuti ndi koipa kuposa, cifukwa wotuma mwana waba kawiri: waba katundu wa eni, wabanso tsogolo la mwanayo.

Katekisimu wakale anali kutiphunzitsa njira zisanu ndi zinai zimene munthu agawana nazo chimo la mnzake. Zina mwa izo ndi kulamula, kulangiza, kubisa, kudyako phindu, kuikira kumbuyo ndi kukhala cete. Sitipempha boma kuti lisandutse katekisimu kukhala lamulo, pakuti si chimo lililonse liyenera ndende. Koma akale aja anaona cinthu cimene olemba malamulo athu aiwala, cakuti wolakwa si yekhayo amene dzanja lake lagwira.

Tsopano tifike kwa makolo, pakuti apa ndi pamene nkhani ivuta ndipo sitifuna kuithawa. Lamulo la 1956 linapatsa khoti mphamvu yolamula kholo kulipira faindi kapena kubweza zoonongeka m'malo mwa mwana, ngati kusasamala kwa khololo kunathandiza kuti mlandu ucitike. Lamulo la maphunziro la 2011 likakamiza kholo kulembetsa mwana pa sukulu ndi kuona kuti apitako. Penal Code ilanga kholo losiya mwana kapena lomumana cakudya, ndipo iwerengera wolakwa munthu wotuma mwana kukapemphetsa m'njira. Mbali inayi, lamulo la 2022 linaletsa kulanga mwana ndi mkwapulo, ndipo kuyambira 2005 womenya mwana mpaka kumuvulaza alandira zaka zosacepera 5 m'ndende. Makolo ambiri amene tikamba nao atifunsa kuti: boma landitenga mkwapulo m'manja, ndipo boma lomwelo lindifunsa cifukwa cake mwana wapulupudza, nanga nditani?

Ife sitilira mkwapulo. Taona ana otenthedwa manja ndi pulasitiki cifukwa ca ndiwo za m'poto, ndipo ambiri mwa ana ogona m'misika anathawa nkhanza za panyumba. Koma funso la makolo aja ndi loona ndipo liyenera yankho. Ngati ucotsa khasu lakale m'manja mwa mlimi, umupatse lina. Kholo limene laona kuti mwana wayamba kugona kunja liyenera kukhala ndi khomo logogoda lisanafike tsiku la mlandu. Lero khomo limenelo ndi lopapatiza. Ofisala wa Social Welfare pa boma ali ndi milandu yosawerengeka ndipo kambiri alibe galimoto. Malo osungirako ana olakwa ndi owerengeka: Katombora kufupi ndi Livingstone, Nakambala ku Mazabuka, ndi Insakwe ya atsikana ku Ndola. Mai wa ku Lundazi kapena ku Petauke amene mwana wake watumizidwa kumeneko angathe caka osamuona.

Cimene malamulo athu alephera kusiyanitsa ndi kholo lolephera ndi munthu wodyerera. Agogo osaona amene atsogozedwa ndi mdzukulu mu Cairo Road, ndi munthu amene asonkhanitsa ana a eni m'mawa nawagawira makona a misewu kuti madzulo alandire zimene apempha, onse agwera pa mau amodzi a lamulo la 1931. Koma woyambayo afunika thandizo la Social Cash Transfer, ndipo waciwiriyo afunika ndende. Mai amene acoka 04:00 kupita ku Soweto kukaoda ndiwo nabwera usiku sanatume mwana kukaba. Umphawi wamulanda maso. Kumulipiritsa faindi ndi kulanda nsima ya ana otsala, ndipo mawa amenewonso adzapita kwa wogula zitsulo. Alipo makolo amene alandira foni kapena thumba la unga kwa mwana wosagwira nchito osafunsa kumene zacokera, ena acita kumutuma. Amenewo ali pamodzi ndi odyerera ndipo ubale usawapulumutse.

Nafenso a mipingo ndi a m'midzi tisadziyeretse. Milandu yambiri yotere sifika n'komwe ku polisi. Ithera pa mphasa, mwamuna wamkulu atalipira mbuzi kapena ndalama za damage, banja litalandira, anyakwawa atadalitsa. Lamulo la mwambo lili ndi malo ake m'dziko lino, koma malo amenewo athera pamene liyamba kutsutsana ndi malamulo olembedwa, ndipo mlandu woononga mwana si wa pa mphasa. Mwini shabini uja ndi mkhristu mnzathu, apereka camtulo cabwino, ndipo pa Mphakati timamupatsa mpando wa kutsogolo. Tidziwa amene agulitsa kacasu kwa ana a sukulu, tidziwa nyumba imene ilandira katundu usiku. Timakhala cete poopa udani, ena poopa ufiti. Pa njira zisanu ndi zinai zija, imeneyi ndi yathu.

Cimene tipempha kwa nduna ya zacilungamo ndi kwa aphungu si cinthu cofuna ndalama zambiri. Bungwe la Zambia Law Development Commission lilipo cifukwa ca nchito yotere, yopenda malamulo ndi kucotsa zotsutsana, ndipo linapenda kale Penal Code ndi kupereka lipoti lake mu 2022. Lipatsidwe nchito yosonkhanitsa ndime zonse zokhudza wamkulu wolakwitsa mwana, kucokera m'malamulo a milandu, a mowa, a njuga, a mankhwala ozunguza bongo, a anchito ndi a maphunziro, ndi kuziika pa muyeso umodzi wa zaka 18. Pakhale mlandu umodzi womveka, umene wapolisi wa pa positi ya m'komboni angauwerenge naumva: kutuma mwana, kumugulitsa zoledzeretsa, kumulola kuchova njuga, kapena kugula kwa iye katundu wokaikitsa. Cilango cikule pamene mwanayo ali wamng'ono kwambiri, ndiponso pamene wolakwayo apezapo phindu. Wamalonda amene ati sanadziwe zaka asonyeze kuti anafunsa NRC, popeza aliyense wofika zaka 18 ayenera kukhala nayo. Ndipo ciphaso ca malonda cilandidwe ndi khoti lomwe laweruza mlanduwo, osati kudikira komiti ya khonsolo imene mwina wolakwayo amwa nayo tiyi.

Tipemphanso cinthu cimodzi cimene sicifuna n'komwe Nyumba ya Malamulo. Mkulu wa apolisi angalamule mawa kuti pa doketi iliyonse ya mwana palembedwe mayankho a mafunso awa: anakutuma ndani, unagulitsa kwa yani, anakugulitsa ndani. Doketi yopanda mayankho amenewa isapite kwa woweruza, ndipo woweruza afunse cimene cacitika kwa anthu ochulidwawo. Ana akagwidwa amaulula, monga anaulula mnyamata uja. Cosowa ndi munthu wolemba ndi kulondola.

Kwa kholo limene lalephera koma silinadyepo, lamulo lilembe njira ina: kuitanidwa pamodzi ndi mwana, uphungu, kubweza mwana ku sukulu popeza maphunziro ndi aulere kuyambira 2022, ndi kulumikizidwa ku thandizo la boma. Mipingo, mizikiti ndi mafumu angathandize pa nchito imeneyi ngati lamulo liwapatsa malo odziwika, ndipo ife a Miphakati tili okonzeka kuyamba ndi mabanja a m'zigawo zathu.

Mnyamata uja anabwerera ku sukulu, ndipo amake anayambanso malonda ndi ndalama zimene azimai a Mphakati anasonkha. Sabata yatha tinadutsa pa malo a wogula zitsulo. Sikelo ikali yopacika pa mtengo womwe uja, ndipo pa mzere panali ana anai ndi masaka ao, wamng'ono kwambiri wosafika ngakhale zaka 10.